Mangochi Yanditenga Mtima

Anthu ambiri opita kunyanja saima pa Mangochi Boma. Amangothira mafuta, kugula madzi ozizira, kenaka galimoto ija yakhotera msewu wa ku Monkey Bay, mtima uli kale pamchenga wa ku Nkopola kapena ku Makokola. Ife oyenda pa minibasi tili ndi mwayi womwe eni magalimoto alibe. Minibasi imakutula pa depoti, ufune usafune, ndipo tauniyo umayamba waiponda ndi mapazi. Ine ndakulira ku Thyolo, m'minda ya tiyi, ndipo imvi zayamba kutuluka nyanja ndikungoionera pa makalendala a m'mabanki. Chaka chino m'pomwe ndapitako koyamba. Chibwerereni anzanga atopa nane, chifukwa nkhani iliyonse yomwe ayambitsa, kaya ndi ya mpira kaya ya mtengo wa feteleza, ine ndimakaitula ku Mangochi.

Dziko limayamba kusintha mukangowoloka Shire pa Liwonde. Mapiri amatsalira kumbuyo, mpweya umalemera, jekete yomwe munavala ku Limbe imasanduka katundu. Milambe imayamba kuoneka umodziumodzi, kenaka yambirimbiri, ina ya thunthu loti anthu khumi sangalizungulire atagwirana manja. Mukapitirira pa Ulongwe migwalangwa imachuluka, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mzikiti wake, wina wopaka laimu, wina wobiriwira, kamwezi kali pamwamba. M'mbali mwa msewu ayalamo mikeka, madengu, zipewa zamlaza ndi malambe. Chakumanja kunayamba kung'anima madzi. Mayi omwe ndinakhala nawo mpando umodzi, ataona momwe ndinatong'olera maso, anaseka: "Achimwene, khalani pansi. Imeneyo ndi Malombe chabe. Nyanja yeniyeni simunaione."

Pa depoti anyamata a kabaza anandizinga. Ndinasankha bambo wina wachikulirepo, wa njinga ya mpando wa siponji wokutidwa ndi nsalu yofiira ya mphonje, n'kuwauza kuti palibe komwe ndikupita, ndikungofuna kuona tauni. Anandiyang'ana kaye kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenaka anati: "Ndiye tiyambire pa wotchi, bwana. Kwerani."

Wotchiyo ndi nsanja ya njerwa yomwe ili pafupi ndi mlatho. Anaimanga pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Mangalande, yomwe inamwalira mu 1901. Nsanjayo payokha si yoti munthu n'kuyendera ulendo, koma zomwe zili m'mbali mwake ndi zomwe zinandiimika. Pali mfuti yaikulu ya mtundu wa Hotchkiss yomwe inali pa sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangobuka, mkulu wa sitimayo, Captain Rhoades, analamulidwa kuti akawononge sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, yomwe anali ataikokera kumtunda kuti aikonze pa doko la Sphinxhaven, komwe lero ndi ku Liuli, mbali ya Tanzania. Anapita, n'kukaiombera. Tsono mkulu wa sitima ya Ajeremaniyo, Berndt, anali mnzake wa Rhoades womwa naye mowa, ndipo uthenga woti kwagwa nkhondo unali usanamufike. Amati anapalasa kabwato ali wolusa, kudzafunsa mnzakeyo ngati waledzera, ndipo umo ndi momwe anamugwirira. Olemba mbiri amakuwerenga kumeneku ngati kupambana koyamba kwa Angerezi pamadzi m'nkhondo yonse ija. Nkhondo yomwe inadzapha anthu mamiliyoni, pa nyanja yathu inayamba ndi anthu awiri omwa limodzi kukalipirana, ndipo mfuti yake ili apo, ana asukulu akuitsamira podikira anzawo.

Pomwepo palinso chikumbutso china chomwe sichiseketsa. Pa 30 Julayi 1946 sitima yatsopano ya Vipya inagubuduzika ndi mphepo yamkuntho pafupi ndi Florence Bay, kufupi ndi Chilumba, ndipo anthu 145 anamira. Ambiri mwa iwo anali anthu akuda omwe anakwera m'chipinda chapansi. Ndinawerenga mawuwo kawiri, bambo a kabaza aja ali chete pambali, chipewa chili m'manja. Chapafupi pali nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1971 m'nyumba yomwe kale inali kalabu ya azungu. Ndi yaing'ono, ola limodzi mwamaliza, koma lowanimo: muli zipangizo za m'sitima zakale, za usodzi ndi za chikhalidwe cha Ayao.

Koma chomwe chinandigwira kwenikweni ndi mlatho. Umatchedwa Bakili Muluzi, ndipo unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Pitanipo chakumadzulo, dzuwa litapepa, mukaime pakati penipeni. Nyanja yonse ya Malawi, yotalika makilomita oposa 560, yomwe imameza madzi a Songwe, Rukuru, Bua, Linthipe ndi Ruhuhu wa ku Tanzania, ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, ndipo khomolo ndi limeneli lili pansi pa mapazi anu. Madzi omwe mukuwaonawo alowa mu Malombe, atulukira ku Liwonde, akazungulitsa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kenaka akathira mu Zambezi. Babu lomwe limayaka m'nyumba mwanga ku Thyolo mphamvu yake imadutsa pano. Ndinali ndikuzidziwa kuchokera m'kalasi la jogalafe, koma kuzidziwa n'kwina, kuona mtsinje wotakata chonchi ukutsetsereka mwakachetechete n'kwinanso.

Pansipo moyo unali wirawira. Amayi akuchapa, zitenje zayanikidwa pa udzu. Ana akudumphira m'madzi kuchokera pa bwato lomangirira. Msodzi m'modzi m'bwato losema, atakhala kumbuyo kwenikweni moti mphuno ya bwatolo inadzuka, akupalasa kawiri uku kawiri uku osayang'ana nkhafi n'komwe. Namasupuni akuyandama m'magulumagulu. Pamlathopo njinga zikungodutsana, ina itanyamula mayi wovala hijabu yachikasu ndi mwana kumsana, ina matumba a makala osanjikiza kupitirira mutu wa mwini wake, ina chambo ziwiri zikulendewera pa handulo, zomangidwa ndi mlaza m'makha. Kenaka azana anamveka kuchokera kumzikiti, wina n'kuyankha kutsidya, ndipo abambo a mikanjo yoyera ndi zikofiya anayamba kufulumira. Kwathu mawu amenewa ndimawamva patalipatali. Kuno ndi omwe amagawa tsiku.

Kumpoto pang'ono kwa Boma, potsata msewu wa ku Monkey Bay, kuli Mpondasi, ndipo dzinali likuchokera kwa mfumu Mponda, ufumu wa Chiyao womwe ulipo mpaka lero. Munthu akaima pamlatho paja savutika kumvetsa chifukwa chomwe mfumuyi inalili yamphamvu. Aliyense wofuna kulowa m'nyanja kuchokera kumwera, kapena kuwoloka Shire ndi katundu wopita kugombe la nyanja yamchere, ankayenera kudutsa pakhomo pake. Katunduyo anali minyanga ya njovu, komanso, tisabise, anali anthu. Akapolo ambiri ochokera kumadzulo kwa nyanja anawolokera pano pa ulendo wosabwerera. David Livingstone anacheza kwa Mponda mu 1866. Mu 1875 kasitima ka Ilala, kali ndi E. D. Young ndi Dr Robert Laws, kanaima pano kupempha chilolezo chokamanga mishoni ku Cape Maclear, ndipo mfumu inalola. Kumapeto kwa 1889 kunafika ansembe a White Fathers, Akatolika oyamba kumanga mishoni m'dziko lino, koma zinthu zinawavuta ndipo anachoka mu 1891. Chaka chomwecho Harry Johnston anaombera mudzi wa Mponda ndi mizinga, n'kumanga linga kutsidya la mtsinje kuti aziyang'anira njira ija. Lingalo ndi lomwe linatchedwa Fort Johnston. Patapita zaka zingapo Boma linasamukira tsidya lino, ndipo dzina la Mangochi linadzabwera dziko litalandira ufulu.

Ndinawafunsa bambo aja ngati anthu amazikamba zimenezi. Anagwedeza mutu uku akupalasa. "Akuluakulu amakamba. Koma alendo safunsa, bwana. Amangofunsa kuti chambo chili kuti." Ine ndinaona kuti palibe malo ena m'Malawi muno pomwe mbiri yathu inapanikizana pakamtunda kochepa chonchi: Ayao, Anyanja, amalonda a ku gombe, Asikotishi, Afalansa, Angerezi, asilikali achisikhi ochokera ku India, onse anapondapo pano, ena ndi Baibulo, ena ndi Kurani, ena ndi unyolo, ena ndi mfuti. Lero zidzukulu za ogulitsa ndi za ogulitsidwa zimakwera kabaza m'modzi, ndipo mzikiti ndi tchalitchi cha Angilikani cha ku Mpondasi zimamverana mawu tsiku ndi tsiku.

Akatolika aja anabwereranso, ndipo ulendo uno anakhazikika. Dayosizi ya Mangochi inakhazikitsidwa mu 1973, likulu lake ndi tchalitchi chachikulu cha St Augustine pa Boma pomwepo. Episkopi woyamba, Ambuye Alessandro Assolari a chipani cha Montfort, anali ochokera kufupi ndi mzinda wa Bergamo kumpoto kwa Italy, ndipo Ambuye Alessandro Pagani, omwe anadzakhalanso pampandowo pambuyo pake, analinso a komweko, mpando usanafike kwa mwana wa kuno kwathu, Ambuye Montfort Stima. Bambo Mario Pacifici, omwe anayambitsa Alleluya Band ku Balaka mu 1978, kwawonso n'komweko. Chomwe chinandisangalatsa n'choti anthu amenewa kwawo nakonso ndi kwa nyanja. Bergamo ali pakati pa nyanja za Como ndi Iseo, ndipo chakum'mawa kuli Garda, nyanja yaikulu kuposa zonse m'dziko la Italy, komwe alendo mamiliyoni amakhamukira chaka ndi chaka. Garda ameneyo kukula kwake ndi masikweya kilomita 370, kutanthauza kuti akungolingana ndi Malombe, uja mayi a m'minibasi anamutcha "chabe". Nyanja ya Malawi ingamumeze Garda maulendo pafupifupi 80. Kusiyana kwake n'koti kumeneko tauni iliyonse ya m'mbali mwa nyanja ili ndi kaofesi kothandiza alendo, mapu, zikwangwani zofotokoza mbiri ya nyumba zakale ndi ndandanda wa nthawi za maboti. Kuno zonsezo zili m'mutu mwa munthu wa kabaza. Sindikudandaula kwenikweni, chifukwa chikwangwani sichingakusekeni kapena kukuuzani komwe kuli thobwa lozizira. Komabe ndikadakonda mwana wa sukulu wa ku Mpondasi akadamawerenga pakhoma, m'Chiyao ndi m'Chichewa, zomwe zinachitika pamudzi pake.

Nyanja yeniyeniyo ndinaiona m'bandakucha, pa doko lina la asodzi kumpoto kwa tauni. Usiku wonse nyali zinali ngwee pamadzi. Amenewo ndi asiginala, anthu omwe amakhala m'bwato laling'ono ndi nyali kuti usipa usonkhane, anzawo a m'mabwato ena n'kuuzinga ndi chilimira. Kukamacha amabwerera, ndipo pagombe pamakhala pali kale amayi ndi mabeseni awo. Bwato likangokhudza mchenga, phokoso lomwe limabuka simungamve mawu amodzi. Chiyao ndi Chichewa zimangolowana m'chiganizo chimodzi. Ndinaonerera mayi wina akutsutsana mtengo ndi mnyamata wa m'bwato. Sanakweze mawu ayi. Anangotola kausipa kamodzi, n'kukapinda pakati pa zala, n'kukaponyanso m'chidebe, kenaka n'kuyang'ana kumbali ngati kuti nkhaniyo yawatopetsa. Mnyamatayo anatsitsa. Anatsitsanso. Mayiwo anamasula mfundo ya pa chitenje, n'kuwerenga ndalama pang'onopang'ono, beseni lili kale pamutu pa mwana wawo wamkazi. Kumtunda usipawo amauyala pa thandala, wina amayamba aufutsa, ndipo fungo lake limakulowani m'zovala mpaka kwanu. Usipa womwe ndakhala ndikugula pa msika wa ku Bvumbwe moyo wanga wonse ndinali ndisanauonepo uli wamoyo, ukunyezimira mobiriwira pamsana.

Chambo ndiye chasowa, ndipo aliyense amakuuzani zimenezo musanafunse. Akuluakulu amati kale mu Malombe ndi m'chigawo chino cha Shire chambo chinali ndiwo wamba. Maukonde a maso ang'onoang'ono, kukokolola udzu wa pansi pamadzi pomwe nsomba zimaswanirana, ndi kuchuluka kwa asodzi zinachitha, moti mu Malombe lero mwatsala kwambiri tinsomba ta kambuzi. N'chifukwa chake kumapeto kwa chaka nyanja amaitseka kwa makoka ena, kuti chambo chiswane. Nsomba imeneyi imalera ana m'kamwa: yaikazi imafungatira mazira m'kamwa mwake mpaka ataswa, ndiye mukaigwira nthawi imeneyo mwapha mazana. Chomwe ndinadya ine chinali chotsegula, chootcha pamakala, chothira mchere ndi ndimu basi, nsima yake yoyera, tomato ndi anyezi pambali. Ndinadya mpaka mutu, ndipo mayi ophikawo atabwera kudzatenga mbale anaiyang'ana, n'kunena kuti: "Inu ndiye mwaipatsa ulemu nsombayi."

Kuchokera pa Boma kukafika ku Monkey Bay ndi makilomita opitirira pang'ono 60, ndipo m'njiramo ndi momwe muli mahotela otchuka aja. Ndi okongola, sindikana, koma mchenga wa kuseri kwa mpanda ndi womwewo wa kunja kwa mpanda. Ku Monkey Bay n'kwawo kwa Ilala ya masiku ano, yomwe inapangidwa ku Scotland ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, kukafika ku Likoma, Nkhata Bay mpaka Chilumba. Ngati mukufuna kuiona ili padoko, funsiranitu tsiku.

Musanafike ku Monkey Bay pali msewu wokhotera kumanzere, wodutsa m'mapiri a miyala, anyani ali tayale m'mbali. M'njiramo muli Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere yomwe palibe munthu anaitema. Mukatsetsereka phiri lomaliza, mudzi wa Chembe umangoti bwaa kutsogolo, madzi obiriwira ali kuseri kwake ndi zilumba za Thumbi ndi Domwe. Uku ndiye ku Cape Maclear, dzina lomwe Livingstone anapereka polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa zakuthambo wa ku Cape Town. Derali lili mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Pakhomo pamalipiridwa, koma Mmalawi amalipira zochepa poyerekeza ndi mlendo wakunja.

Ine kusambira sinditha. Anyamata a boti anandiveka jekete yoyandamitsa ndi galasi la kumaso, n'kundiuza kuti ndingogwira chingwe ndi kuviika nkhope. Pafupi ndi miyala ya pa Thumbi ndinatero, ndipo ndinaiwala mantha. Mbuna! Zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zamawangamawanga, zina zofiirira kumchira, zonse zikuzungulirana ngati zitenje za amayi pa chinkhoswe. Zinkabwera mpaka pagalasi, kundiyang'ana, n'kutembenuka. Nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko, mazanamazana, ndipo yochuluka mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Mbuna zimakonda miyala ndipo siziwoloka mchenga kapena madzi akuya, choncho gulu la pachilumba china limakhala palokha kwa zaka zikwizikwi mpaka kusanduka mtundu wakewake. Akatswiri amachokera ku Ulaya ndi ku America kudzaphunzira zimenezi, ndipo anthu kumeneko amaziweta m'magalasi m'nyumba zawo, atazigula ndi ndalama zambiri. Pobwerera mnyamata wina anaimba likhweru, n'kuponya nsomba m'madzi. Nkhwazi inanyamuka pamtengo wa pachilumba, inatsika mosafulumira, n'kuitola ndi zikhadabo madzi osathovoka n'komwe.

Chakumapeto kwa gombelo, pansi pa phiri, pali manda a amishoni a Livingstonia yoyamba. Anafika mu Okutobala 1875 ataona doko labwino, osadziwa kuti udzudzu unawatsogolera. Malungo anawatha m'modzim'modzi, kuphatikizapo Dr William Black, ndipo pomwe ankasamukira ku Bandawe mu 1881 anali atabatiza munthu m'modzi yekha, Albert Namalambe. Kuchokera pa chiyambi chofooka chimenechi m'pomwe panadzatuluka Livingstonia ya ku Khondowe ndi sukulu zake.

Udzudzu umenewo ukadalipo, ndiye gonani m'neti. M'madzi osayenda a m'mabango muli likodzo, ndipo ngati mwasambira malo otere kaonaneni ndi achipatala mukabwerako. Mu Shire ndi mu Malombe musalowemo musanafunse eni dera, chifukwa ng'ona ndi mvuu sizidziwa kuti ndinu mlendo. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kukakhala kozizirirapo, ngakhale ndi nthawi yomwenso mwera umawinduka. Asodzi akati lero sitilowa, inunso musalowe. Okutobala ndi Novembala kumatentha koti munthu wa ku Thyolo angalire. Zovala za kugombe zisiyeni kugombe, m'tauni ndi m'midzi valani mwaulemu, ndipo Lachisanu masana musadabwe mukapeza sitolo zina zatsekedwa, eni ake ali ku mapemphero. Moni wa Chiyao, ngakhale wokhotakhota, amakutsegulirani nkhope za anthu. Mukapita mu Ogasiti kapena Seputembala, nthawi ya zinamwali, mukhoza kukumana ndi manganje mumsewu, ndipo galimoto imayenera kudikira.

Tsidya la kum'mawa ndalisungira ulendo wina. Mukawoloka mlatho uja, msewu wina umalowera kumpoto, ku Malindi, komwe kuli mishoni yakale ya Angilikani ndi chipatala cha St Martin's, n'kupitirira mpaka kwa Makanjira. Wina umakwera phiri la Chowe kupita ku Namwera ndi ku Chiponde, pachipata cholowera ku Mozambique, ndipo m'mapiri amenewo ndi momwe muli mabwinja a Fort Mangochi, pomwe panali likulu la mfumu Jalasi asanaigonjetse Angerezi mu 1895. Ndinawauza bambo a kabaza aja kuti ndikadzabwera adzanditengere kumeneko. Anaseka mpaka njinga inapepeluka.

"Ku Malindi ndidzakufikitsani, bwana. Koma Chowe ndi thupi lanulo, pepani, mukakwere matola."